Ndiwo Chaka Chonse: Kufutsa Masamba ndi Kuyamba Dimba Dzinja Likamatha

Chifukwa chake cha kabuku kano

M'mwezi wa Malichi palibe khomo losowa ndiwo. Nkhwani amakhala atayanga m'mizere ya chimanga, bonongwe ndi chisoso zitamera zokha kuseri kwa khola, khwanya ndi chitambe zili mbwee. Pofika Okutobala zinthu zimatembenuka. Minda imakhala itapsa ndi moto wa osaka mbewa, chitsime cha kudimba chitatsika, ndipo banja lonse limapikisana pa kambale ka usipa wowerengeka.

Njala ya ndiwo imeneyi imakonzedwa kapena kupewedwa m'miyezi itatu: Malichi, Epulo ndi Meyi. Vuto n'lakuti miyezi yomweyi ndiyo ya ntchito zikuluzikulu, kudula chimanga ndi kuimika mikukwe, kukumba mtedza, kusankha fodya. Masamba amaikidwa pambuyo, ndipo tikamati tsopano tifutse, nkhwani wakhwima ndipo wachita zoyerayera ngati wothiridwa ufa.

Pali ntchito ziwiri zoyenera kuyendera pamodzi pa nyengoyi: kufutsa masamba adakali anthete, ndi kuyamba dimba nthaka idakali ndi chinyontho. Dimba lidyetse banja kuyambira Juni mpaka Seputembala. Mfutso usungidwe mpaka madzi a kudimba atachepa, udyedwe mu Okutobala, Novembala ndi kuchiyambi kwa Disembala, kufikira nkhwani watsopano atayamba kuthyoledwa. Mabanja ambiri amayamba kudya mfutso mu Juni, nthawi imene mpiru uli wotchipa, n'kudzausowa pamene ukufunikadi.

Kumbukirani kuti masamba ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo amatiphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamafuta, zipatso ndi zamasamba. Masamba obiriwira kwambiri amapatsa thupi vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi, komanso ayironi wothandiza magazi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono ndiwo amayamba kuvutika ndiwo zikasowa.

GAWO LOYAMBA: KUFUTSA

Masamba oyenera kufutsa

Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, luni, denje, kholowa ndi mpiru zonse zimafutsika. Chitambe ndi khwanya ndizo zimasungika bwino koposa ndipo sizitaya kukoma. Maluwa a maungu ndi timaungu tating'ono tomwe sitidzakhwimanso mvula ikatha muzidule n'kufutsira limodzi ndi nkhwani.

Masamba a kutchire musawapeputse chifukwa choti sanadzalidwe ndi munthu. Luni, bonongwe ndi chisoso zili ndi zofunika m'thupi zochuluka kuposa kabichi amene timakagula ndi ndalama.

Ndondomeko yake

1. Yang'anani kumwamba musanathyole. Sankhani tsiku loti kunja kwayera ndipo kukuoneka kuti kukhala dzuwa masiku angapo.
2. Thyolani m'mawa mame atauma. Tengani nsonga ndi masamba anthete okha. Siyani achikasu, odyedwa ndi mbozi, ndi omera pafupi ndi chimbudzi, kudzala kapena m'mbali mwa msewu wodutsa magalimoto.
3. Sadzulani nkhwani, chotsani timitengo tolimba, ndipo tsukani masamba onse ndi madzi aukhondo musanawadule. Mukatsuka mutadula kale, zofunika zina zimapita ndi madzi.
4. Wiritsani madzi mumphika waukulu, muthiremo mchere pang'ono. Madzi akabwadamuka, ikanimo masamba pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira.
5. Fwafwazani kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Masamba akangofota n'kubiriwira kwambiri, vuulani. Chitambe chokhwimirapo mungachisiye mphindi 5.
6. Tsanulirani m'lichero kapena m'dengu loyera kuti madzi akhe. Osafinya mwamphamvu.
7. Yalani mopyapyala pamphasa yoyera, ndipo mphasayo ikhale pathandala, osati pansi.
8. Tembenuzani kawiri kapena katatu pa tsiku. Dzuwa likapendeka lowetsani m'nyumba kuti mame asagwerepo.
9. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja. Ngati ukupindika osathyoka, uyanikeninso mawa. Kunja kukakhala bwino, masiku awiri mpaka anayi amakwana.

Chifukwa chiyani mphindi zochepa chonchi?

Ambiri tinazolowera kuwiritsa masamba mpaka atapsa, kenako n'kuwayanika padzuwa la phwee, nthawi zina padenga la malata. Mfutso wotere umasungika ndithu, koma umada, ndipo vitamini A wambiri amakhala atawonongeka ndi moto ndi dzuwa. Ena sawiritsa n'komwe, amangoyanika aawisi. Wotereyo umasuluka msanga, umasintha fungo pakapita miyezi, ndipo umavuta kupsa. Kufwafwaza pang'ono kumaletsa tsamba kupitiriza kuwonongeka lokha, kumapha tizilombo tili pamwamba pake, komanso kumafulumizitsa kuuma.

Malo abwino oyanikapo masamba ndi a mthunzi koma opita mphepo: pakhonde, m'chigafa chopanda fodya, kapena pathandala lofoleredwa pamwamba. Mtundu wa mfutso ndiwo umboni. Wobiriwira wasunga zambiri, wakuda bii wataya zambiri. Komabe nzeru zikhalepo. Kukakhala chinyezi, monga zimachitikira ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chikabwera, masamba oyanikidwa mumthunzi amachita nkhungu asanaume. Zikatero ndi bwino kuwaika padzuwa mutawaphimba ndi chitenje chopyapyala choyera kusiyana ndi kutaya onse. Anthu a m'madera amenewa asazengereze, afutse chiperoni chisanayambe mu Meyi.

Chenjezo

- Musathire soda kapena chidulo pofwafwaza. N'zoona kuti masamba amaoneka obiriwira ndi ofewa, koma soda amapha mavitamini. Ngati ndi therere loti silikoma popanda chidulo, thirani pang'ono pa tsiku lophika.
- Musaphimbe chakudya ndi neti ya udzudzu. Neti ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ndi yogonamo.
- Chigwada chili ndi poizoni wachilengedwe, makamaka cha chinangwa chowawa. Chisinjeni ndi kuchiwiritsa mokwanira, mphika uli wosavundikira. Lamulo la mphindi zitatu lija silikhudza chigwada.
- Nkhuku, agalu, ntchentche ndi fumbi zisafike pa zoyanika. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire masamba ofwafwaza.

Kasungidwe

Makolo athu ankakulunga mfutso m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi n'kupachika kutsindwi la kukhitchini. Chikwatu chotere n'chabwino mpaka lero, chifukwa kutentha ndi utsi zimathamangitsa chinyezi ndi tizilombo. Kumene misuku inatha, gwiritsani ntchito mtsuko wouma womata pakamwa, chigubu kapena ndowa yotsekeka bwino, kapenanso mabotolo. Chigubu chomwe munali mafuta agalimoto, palafini kapena mankhwala a mbewu sichiyenera, ngakhale mutachitsuka kangati.

Gawani mfutso m'timapukusi ting'onoting'ono m'malo mouika wonse pamodzi, kuti potapa wa lero musamalowetse chinyezi mu wa mwezi wamawa. Sungani pamalo amdima, ouma, okwera. Kamodzi pamwezi tsegulani muone. Ukayamba kufewa, uyanikeninso. Ukachita nkhungu kapena kununkha chuku, tayani, osapatsa ana kapena ziweto. Mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe musawathire mumfutso.

Kodi mufutse wochuluka bwanji? Tsamba laliwisi lili ndi madzi ambiri zedi, moti makilogalamu 10 a masamba amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi akauma. Choncho dengu limodzi silipita patali. Werengani chonchi: kuyambira kuchiyambi kwa Okutobala mpaka pakati pa Disembala ndi masabata pafupifupi khumi. Ngati mudzaphika mfutso katatu pa sabata, mukufunika miphika 30. Pimani mfutso wokwana mphika umodzi wa banja lanu ndi kapu, ndipo musaleke kufutsa mpaka miyeso 30 itakwana. Simungathe tsiku limodzi. Fwafwazani pang'ono m'mawa uliwonse musanapite kukakolola, wotsala pakhomo azitembenuza.

Kaphikidwe

Viikani mfutso m'madzi ochepa kwa theka la ola, ndipo muphikire m'madzi omwewo. Tenderani ndi nsinjiro kapena thiranimo mafuta pang'ono, pakuti thupi silitha kutenga bwino vitamini A popanda mafuta. Vitamini C wambiri amawonongeka pa kuyanika kwa mtundu uliwonse, ndiye tsiku lodya mfutso pezaniponso chipatso, kaya ndi malambe, papaya kapena mango akayamba kupsa. Chipatsocho chimathandizanso thupi kutenga ayironi wa m'masamba.

Mfutso wina musinje n'kusefa. Supuni imodzi ya ufa umenewu muziithira m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi.

Zina zosungika pa nyengoyi

*Therere lobala.* Tengani lanthete, dulani mozungulira mopyapyala, yanikani osawiritsa.

*Maungu.* Dikirani khungu lilimbe moti chikhadabo sichilowa. Dulani dzungu pamodzi ndi tsinde lake lotalika ngati chala, chifukwa lothothoka tsinde limayambira pomwepo kuola. Ikani pansanja pamthunzi, asagundane. Okhala ndi bala yambani kudya. Nthanga zake musataye: zokazinga ndi chakudya cha ana, zosinja zimatendera ndiwo.

*Mbatata.* Yosatemeka ndi khasu ndiponso yosafumbwa isungeni munkhuti yokumbidwa pamthunzi, poyala mbatata ndi phulusa kapena mchenga wouma mosinthanasinthana. Yotemeka muisende, muidule mopyapyala n'kuyanika.

*Chidede.* Zikhokho zake zofiira zimauma mosavuta ndipo zimapanga chakumwa chabwino m'nyengo yotentha.

*Bowa.* Yanikani bowa yekhayo amene akuluakulu a m'dera lanu amamudziwa bwino ndipo akhala akudya. Kuwiritsa kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wa bowa woipa. Safunsa adadya phula.

Tomato

Ntchito ya tomato imabwera mochedwerapo. M'dzinja tomato amavuta chifukwa cha chiwawu, ndipo amachuluka madimba akayamba kubereka. Aliyense wodutsa pa Lizulu, pa Tsangano kapena pa Jenda m'miyezi yopanda mvula amaona mabeseni ali ndandanda, ogulitsa akuchita kupembedza ogula. Nthawi imeneyo ndiyo yosunga, kaya ndi wa m'dimba lanu kapena wogula.

Njira yapafupi ndi kuyanika. Sankhani wakupsa koma wolimba, mutsuke bwino, mudule mopyapyala, muwaze mchere pang'ono, muyale pathandala padzuwa mutaphimba ndi nsalu yopyapyala. Tomato amafuna dzuwa lenileni, osati mthunzi, chifukwa ali ndi madzi ambiri. Wauma akalimba ngati chikopa ndipo sakutulutsa madzi mukamufinya.

Amene ali ndi mabotolo agalasi a zotsekera zachitsulo zosachita dzimbiri angathe kusunga tomato wophika:

1. Tsukani mabotolo ndi zotsekera, muziwiritse.
2. Dulani tomato wabwinobwino, wopanda poola, mumuwiritse kwa mphindi 5.
3. M'botolo lililonse la theka la lita thirani masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu. Musadumphe ndime imeneyi, chifukwa kuwawasa ndiko kumateteza.
4. Thirani tomato ali wotentha, kusiya mpata wa chala chimodzi chopingasa pamwamba. Pukutani pakamwa pa botolo, tsekani.
5. Yalani nsalu pansi pa mphika waukulu, imikani mabotolo, thirani madzi otentha mpaka amire, ndipo muwiritse kwa mphindi 45 kuwerengera pamene madzi abwadamuka. Madera ambiri a m'dziko muno ndi okwera, monga Lilongwe amene ali pa mamita opitirira 1,000, ndipo kumalo okwera madzi amawira asanatenthe kwambiri. N'chifukwa chake nthawiyi siyenera kudulidwa.
6. Akazizira, onani ngati chotsekera chalowa m'kati. Chimene sichinagwire, tomato wakeyo dyani msanga.

Botolo lotupa chotsekera, lochita thovu kapena lonunkha litayidwe osalawa. Ndipo njira imeneyi ndi ya tomato ndi zipatso zowawasa basi. Zitheba, nsawawa, maungu ndi masamba musazitsekere m'botolo motere. M'zakudya zosawawasa zotsekeredwa mopanda mpweya mumatha kumera kachilombo kotulutsa poizoni wakupha, yemwe nthawi zina saoneka kapena kununkha.

Mbewu ya chaka chamawa

Musanazule zonse, siyani mbewu zingapo zamphamvu kuti zikhwimitse njere: bonongwe, luni, therere, khobwe, mpiru wamakolo, ndi dzungu lomwe linakoma kuposa onse. Njere ziume bwino pamthunzi, kenako muzisakanize ndi phulusa losefa n'kutsekera m'botolo, mutalemba dzina ndi chaka. Njere za tomato muzisiye m'kapu pamodzi ndi madzi ake kwa masiku awiri kapena atatu, kenako mutsuke ndi kuyanika. Mbewu ya m'paketi yolembedwa F1 ndi ya haibulidi, ndipo njere zake sizibereka mofanana ndi kholo lake.

GAWO LACHIWIRI: DIMBA

Yambani ndi madzi ndi mpanda

Kukula kwa dimba kutengere madzi ndi manja amene alipo, osati kukula kwa malo. Bedi lotambalala mita imodzi, lotalika mamita 5, limamwa pafupifupi ndowa imodzi ya malita 20 tsiku lililonse m'nyengo yozizira, ndipo kukatentha limafuna pafupifupi ziwiri. Werengani mabedi amene mungathe kuthirira mu Seputembala, osati mu Meyi. Mabedi anayi kapena asanu osamalidwa bwino amadyetsa banja kuposa mabedi makumi awiri ofota.

Mpanda umangidwe mbande zisanatuluke. Anthu akangomaliza kukolola, mbuzi zimamasulidwa ndipo ng'ombe zimatayiriridwa m'minda. Nthawi imeneyo chobiriwira m'mudzi monse chimakhala dimba lanu lokha. Mapesi, bango, udzu ndi minga zilipo zambiri pa nyengoyi.

Ngati dimba lili m'mbali mwa mtsinje, musalime mpaka m'gombe. Siyani mpata wa udzu, bango kapena vetiva kuti nthaka isagumukire mumtsinje, ndipo mlangizi wa zaulimi akuuzeni kutalika koyenera. Chitsime cha m'dimba chitchingidwe chifukwa cha ana.

Okhala m'tauni kapena kutali ndi dambo asataye mtima. Kadimba ka kuseri kwa nyumba, matumba odzaza dothi losakaniza ndi manyowa, ndowa zobooka, zonsezi zimabereka mpiru ndi anyezi. Madzi otsukira mbale kapena otsukuluzira zovala angathe kuthiriridwa pansi pa mbewu ngati alibe sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera, koma asakhudze masamba. Madzi a m'ngalande zonyansa musawagwiritse ntchito. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unationetsa zimene madzi oipa amachita.

Manyowa

Nyengo yokolola ndi nyengonso ya zinyalala: mapesi, masangwe a mtedza, makoko a nyemba, udzu wobiriwira. Musatenthe. Dulani tizidutswa, sanjikizani zouma, zaziwisi ndi ndowe, kuwaza madzi ndi phulusa pang'ono pa mulingo uliwonse. Mungapange m'dzenje kapena mulu womata ndi dothi, umene alangizi amautcha chimato. Mulu ukhale wonyowa koma wosakha madzi. Manyowa apsa akada, akazizira ndipo akununkhira dothi.

Kompositi ya lero idzathandiza mabedi a mtsogolo. Pa mabedi oyamba tengani manyowa a m'khola owolerana, ndowa imodzi pa mamita awiri alionse a bedi. Zitosi zaziwisi za nkhuku zimawotcha mizu, ndipo ndowe zaziwisi zimabweretsa matenda pa masamba odyedwa.

Mabedi ndi nazale

Bedi likhale lotambalala mita imodzi kuti muzifika pakati osapondapo. Kudambo kumene madzi adakali pafupi, kwezani bedi. Kumtunda ndi pa dothi lamchenga, bedi likhale lolowa pansi kuti madzi asathawe. Tipulani mozama, phwanyani zibuma, sakanizani manyowa.

Nazale ifesedwe kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo:

1. Salazani dothi, lembani timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15.
2. Fesani mopatuka, mosazamitsa. Njere zing'onozing'ono muzisakanize ndi mchenga kuti zisaunjikane.
3. Phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, thirirani ndi keni ya chisefa m'mawa ndi madzulo.
4. Zikangomera, chotsani udzu pansi n'kumanga kamthunzi pamwamba.
5. Kutatsala sabata kuti muwokere, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime.
6. Wokerani madzulo, mutathirira nazale ndi bedi lomwe. Zulani mbande ndi dothi lake.

Repu, mpiru, chayinizi, kabichi ndi tomato zimawokeredwa pakatha masabata atatu mpaka asanu, zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu. Anyezi amatenga masabata 6 mpaka 8. Karoti, nsawawa, zitheba, bonongwe ndi therere sizifuna nazale, zifeseni pabedi pomwepo.

Mipata yake, mwachidule: repu ndi mpiru masentimita 45 pakati pa mizere ndi 30 mumzere, kabichi ndi tomato 60 mbali zonse, anyezi 30 ndi 10, karoti mizere ya masentimita 30, kenako kupatulira kuti pakhale masentimita 5.

Chodzala chitengere dera

Nyengo yozizira ndiyo imakondedwa ndi kabichi, repu, mpiru, anyezi, adyo, karoti ndi nsawawa. Kumadera okwera monga Dedza, mapiri a Ntcheu ndi mbali zina za Mzimba, chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimakhazikika m'madambo usiku ndipo chimawaula tomato, nyemba ndi maungu. Kumeneko mbewu zitatuzi zidzalidwe chakumtunda kwa dimba kapena zidikire Ogasiti. Ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, miyezi yozizira ndiyo mwayi wolima kabichi ndi anyezi, ndipo madzi osefukira akaphwa chinyontho chotsala chimakuza maungu, nyemba ndi mbatata. Kukayamba kutentha, bwererani ku bonongwe, luni, therere ndi khobwe, zomwe zimapirira dzuwa.

Pakona imodzi ya dimba dzalanipo mbatata, makamaka yofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Chipika, imene ili ndi vitamini A wambiri. Mudzathyola kholowa chilimwe chonse, ndipo mvula ikadzagwa mudzakhala ndi mbewu yanuyanu, anzanu akuyendayenda kupempha.

Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata atatu alionse, kuti bedi lina likamatha lina lizikhala likuyamba. Musabwereze mbewu za mtundu umodzi pa bedi lomwelo: pamene panali tomato, mabiringano, tsabola kapena mbatatesi pabwere zamasamba kapena nyemba, pamene panali kabichi, repu kapena mpiru pabwere anyezi, karoti kapena nsawawa.

Kuthirira ndi kuphimbira

Thirirani pansi, osati pamasamba, makamaka tomato. M'nyengo yozizira thirirani m'mawa. Madzi alowe pansi ndithu, chifukwa kungonyowetsa pamwamba kumachititsa mizu kuyandama. Pisani chala m'dothi: ngati pansi pali chinyontho, dikirani. Mbewu zikagwira, phimbirani bedi ndi udzu wouma, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Kuphimbira kumasunga chinyontho ndi kuletsa udzu, ndipo pa ntchito zonse za m'dimba ndi imene imapulumutsa msana wa wotunga madzi.

Pothyola repu ndi mpiru, tengani masamba a m'munsi n'kusiya atatu kapena anayi a kumtima.

Tizilombo ndi matenda

Yenderani dimba tsiku lililonse ndi kutembenuza masamba. Nsabwe zimabisala kunsi kwa masamba a repu ndi kabichi. Akangaude ofiira amachuluka pa tomato kukatentha ndi kuuma. Palinso kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kamaboola m'kati mwa masamba ndi zipatso za tomato ndipo sikamva mankhwala ambiri. Masamba ndi zipatso zogwidwa muzithyole n'kukwirira mozama, ndipo mitengo ya tomato yotha kubereka muizule msanga.

M'dimba laling'ono yambani ndi manja: tolani mbozi, phwanyani mazira, zulani mbewu yodwala. Nsabwe zimafa ndi madzi a sopo wochepa. Masamba a nimu kapena a ombwe osinja, pafupifupi kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi, oviikidwa usiku wonse n'kusefa, amathandizanso mukapopera madzulo. Ombwe ndi poizoni ndithu: amapha nsomba, choncho musatsukire ziwiya zake mumtsinje kapena padamu, ndipo dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo.

Mukafika pogula mankhwala, gulani m'sitolo yovomerezeka, a m'botolo lolembedwa. Werengani masiku oyenera kudikira musanakolole ndipo muwasunge. Mankhwala a thonje kapena a fodya asafike pa ndiwo. Opimidwa m'timapepala ndi timabotolo topanda dzina pamsika asiyeni. Masamba amene apoperedwa posachedwa musawafutse, pakuti kuyanika sikuchotsa mankhwala.

Zolakwika zofala

- Kudikira kuti chimanga chilowe m'nkhokwe kaye, masamba n'kukhwima.
- Kulongedza mfutso usanaumitsitse, kapena udakali wofunda ndi dzuwa.
- Kuyamba dimba lalikulu mu Meyi, n'kulisiya mu Seputembala madzi atavuta.
- Kudzala mtundu umodzi wokha chifukwa ndi umene ukugulidwa pamsika.
- Kugulitsa zonse zabwino, ana n'kumadya zotsala. Thyolani za mphika wa pakhomo poyamba, zopita kumsika pambuyo.
- Kusiyira amayi okha ntchito yonse. Kumanga mpanda ndi thandala, kukumba chitsime, kututa manyowa ndi kuthirira, abambo ndi anyamata agwire nawo, chifukwa amayi omwewo ndiwo akufutsa, kukolola ndi kuphika.

Kalendala mwachidule

Malichi: futsani nkhwani, khwanya, chisoso ndi bonongwe, sankhani malo a dimba, fesani anyezi.
Epulo: pitirizani kufutsa chitambe ndi therere, mangani mpanda, fesani nazale, unjikani kompositi.
Meyi: wokerani, kololani maungu ndi mbatata, sungani njere.
Juni mpaka Seputembala: idyani za m'dimba, fesani mobwereza, yanikani tomato ndi masamba otsala.
Okutobala mpaka Disembala: tsegulani mfutso.

Masiku enieni amasiyana malinga ndi dera komanso kathedwe ka mvula chaka chimenecho. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu ndi alangizi a zaumoyo angakuthandizeni pa mbewu zoyenera ndi mlingo wa mankhwala. Ngati mphasa, mphika waukulu kapena keni mulibe, gwirizanani mabanja awiri kapena atatu muzibwerekana, ndipo yambani sabata ino masamba asanakhwime.